Mpira wa fuko si wa a madishi okha

Pa 18 July 2013 mabungwe awiri olemera kwambiri pa nkhani za mpira wa miyendo, FIFA ndi UEFA, anagwa chagada pa mlandu ku bwalo lalikulu la maiko a ku Ulaya lomwe lili ku Luxembourg. Amene anapindula ndi chigamulocho ndi munthu wamba, uja ali ndi kawailesi ka kanema pabalaza koma alibe ndalama yolipira mwezi ndi mwezi.

Nkhani yake inali yotere. FIFA ndiyo mwini wa World Cup, pomwe UEFA ndi mwini wa chikho cha maiko a ku Ulaya chija amati Euro. Awiriwa ankafuna kuti ena mwa masewero a zikho zimenezi azigulitsa kwa aliyense amene wabwera ndi chikwama chonenepa, ngakhale akhale wa kanema wa dishi amene amatseka chithunzi ukapanda kulipira. Maganizo awo anali oti ndime yotsiriza ndi masewero a timu ya dziko lanu onerani ulere, koma enawo mutisiyire tichite nawo malonda. Koma dziko la Britain linali litalemba kale kuti World Cup yonse, masewero onse 64, pamodzi ndi Euro yonse, ziyenera kupezeka pa kanema amene aliyense angathe kuonera. Belgium nayo inali itachita chimodzimodzi pa World Cup. Oweruza anati maikowa sanalakwitse.

Mwina mukuti, nanga ife a mumsika wa Limbe, a pa Tsoka ku Lilongwe kapena a pa Taifa ku Mzuzu, za azunguzi zikutikhudza pati? Abale anga, zikutikhudza ndithu. Mpira umene timakanganira Lolemba m'mawa tikuyala katundu pa benchi, wa Arsenal ndi Manchester United uja, umachokera komweko. Ndipo funso limene iwo analimbana nalo ndi lomwe limatisautsa ife nthawi zonse chikho chachikulu chikayandikira: kodi mpira wa fuko ndi katundu ngati wina aliyense, woti amene wauoda autsekere m'nyumba n'kumatchula mtengo umene wafuna?

Tsiku limene dishi inafika

Kale ku Britain nyumba za kanema zinali zowerengeka. Akuluakulu anali BBC ndi ITV, ndipo zonse ankazigwira ndi kawaya ka padenga basi. Chiyambire zaka za m'ma 1950 panali kale kumvana koti masewero ena akuluakulu, monga ndime yotsiriza ya FA Cup, nyumba imodzi isawaphangire yokha.

Zinthu zinatembenuka mu 1989 pamene mpondamatiki wina wobadwira ku Australia, Rupert Murdoch, anayambitsa kanema wa dishi wa Sky. Poyamba malonda sanayende, kampani inkangotaya ndalama sabata ndi sabata. Nanga munthu angagulirenji dishi pomwe nkhani, nyimbo ndi mafilimu akuonera kale ulere? Inu amalonda mukudziwa bwino: kasitomala sadutsa mabenchi khumi kubwera kwa iwe ngati chimene ukugulitsa chili paliponse. Umafunika ukhale ndi chinthu chimene mnzako alibe.

Chinthucho chinali mpira. Mu 1992 matimu akuluakulu a ku England anachoka mu ligi yakale n'kupanga yawoyawo, Premier League, ndipo ufulu woonetsa masewero ake pamene akuchitika unapita ku Sky pa mgwirizano wa zaka zisanu umene unalengezedwa kuti ndi wa £304 miliyoni. BBC inangotsala ndi zidutswa zoonetsa usiku mpira utatha kale, pa pologalamu yake ya Match of the Day. Mu 1996 Murdoch mwini wakeyo anauza anzake a masheya poyera kuti masewero ndiwo chipika chogumulira chitseko pa malonda ake onse a kanema wolipira.

Tayerekezani munthu mmodzi wapita ku Monkey Bay n'kukaoda usipa wonse wotuluka m'nyanja, wa zaka zisanu zathunthu. Ena nonsenu mudzagulitsa chiyani? Nanga wogula adzanenerera kwa ndani? Anthu a ku Britain anayamba kuchita nthumanzi kuti lero ndi ligi, mawa idzakhala FA Cup, mkuja World Cup.

Woyimbira mpira wakale aliza wezulo

Boma la nthawi imeneyo, la nduna yaikulu John Major, silinkafuna kulowerera kwambiri pa malondawa. Koma ku Britain kuli nyumba ziwiri za malamulo, ndipo mu ya akuluakulu ija amati House of Lords munali mkulu wina dzina lake Denis Howell. Ameneyu anakhalapo nduna ya zamasewero, komanso kale ankayimbira mpira wa ligi. Mu February 1996 anabweretsa ganizo loti masewero a fuko asamatsekeredwe pa kanema wolipira. Atavota, mbali yake inapeza 223, boma 106. Boma linagonja, ndipo chaka chomwecho lamulo la Broadcasting Act 1996 linatuluka lili ndi gawo lonse lokamba za masewero otetezedwa.

Lamuloli limapatsa nduna mphamvu yolemba mndandanda wa masewero amene ndi ofunika ku fuko lonse. Kuyambira mu 1998 mndandandawu uli m'magulu awiri.

Gulu A ndi la masewero oti anthu apatsidwe mwayi wowaonera pamene akuchitika, osati kudikira za dzulo. Muli Olympics, World Cup, Euro, ndime yotsiriza ya FA Cup, ya chikho cha Scotland kwa anthu a ku Scotland, ndime zotsiriza za tenisi ya ku Wimbledon, mijaha iwiri ya akavalo ya Grand National ndi Derby, komanso ndime zotsiriza za zikho ziwiri za rugby. Mu 2020 anaonjezamo Paralympics, ya anzathu aulumali, ndipo mu 2022 anaikamo World Cup ndi Euro za amayi.

Gulu B ndi la masewero amene wa dishi akhoza kugula yekha, bola asiyire a ulere zidutswa zoti aonetse pambuyo pake. Umo muli Commonwealth Games, mpikisano wa dziko lonse wa othamanga, rugby ya Six Nations, gofu ndi kiriketi. Woyang'anira kuti zonsezi zikutsatidwa ndi bungwe la Ofcom, limene tingati ndi MACRA wa kumeneko. Kwa zaka zambiri, kuti nyumba ya kanema iwerengedwe ngati yaulere inkayenera kukhala yosalipiritsa mwezi ndi mwezi komanso yofika kwa anthu 95 mwa 100 alionse a m'dzikomo.

Pali zinthu zitatu zimene ambiri amasokoneza akamva za lamuloli. Choyamba, silinena kuti BBC itenge mpira osalipira. Imagula, ndipo imagula modula. Chimene lamulo likuletsa ndi choti mwini mpira agulitse kwa wa dishi yekha mwa mseri, a ulere osapatsidwa mwayi wogula pa mtengo woyenera. Chachiwiri, silikakamiza aliyense kugula. A ulere akaona kuti alibe nazo chidwi kapena thumba laperewera, wa dishi akhoza kupempha chilolezo n'kutenga. Chachitatu, Premier League mulibemo. Ligi imeneyi ndi malonda enieni, moti mgwirizano wa zaka zinayi woyambira mu 2025 ndi wa £6.7 biliyoni, ndipo masewero a pompopompo anagawana ndi a Sky ndi TNT Sports. Munthu wosauka wa ku Liverpool, amene bwalo la Anfield akuliona ali pakhomo pake, amakaonera timu yake ku bala ngati momwe timachitira ife ku Ndirande.

Nawo ulerewo uli ndi mtengo wake. Banja lililonse loonera kanema ku Britain limadula laisensi ya pachaka, imene mu April 2025 inafika pa £174.50, ndipo ndalama imeneyi ndiyo imayendetsa BBC. ITV imadya ndalama za otsatsa malonda. Kusiyana kwake n'koti palibe amene amakutsekera chithunzi tsiku la mpira kuti uonjeze ina. N'chifukwa chake mu July 2021, England itakumana ndi Italy mu ndime yotsiriza ya Euro, anthu pafupifupi 31 miliyoni anali maso pa kanema nthawi imodzi, m'dziko la anthu 67 miliyoni. World Cup ya 2026, ya matimu 48 ndi masewero 104, ufulu woionetsa ku Britain anagawana BBC ndi ITV, ndipo ya 2030 anatengeratu.

Zimene zinaonekera kiriketi

Kuti mumvetse phindu ndi kuipa kwa mndandandawu, tamvani zimene zinachitikira kiriketi, masewero aja omenya kampira kolimba ndi thabwa. Kwathu kuno si ambiri amawatsata, koma ku England ndi masewero a makolo.

Mpaka 1998 masewero a timu ya England osewerera pakhomo anali otetezedwa kotheratu. Akuluakulu a bungwe la kiriketi ndiwo anapempha okha kuti awatsitsire mu gulu B, ati lamulo likuwamanga manja pa malonda. Boma linavomera. Kwa zaka zingapo masewerowa anakhalabe pa kanema waulere wa Channel 4, ndipo mu 2005 kunachitika mpikisano umene mpaka lero amausimba, pamene England inagonjetsa Australia pa chikho cha Ashes koyamba chichokere 1987. Pa tsiku lina lotentha la mpikisanowo anthu 8.4 miliyoni anali akuonera.

Koma katundu anali atagulitsidwa kale. Kuyambira mu 2006 masewero onse a pompopompo anapita ku Sky pa mgwirizano wa £220 miliyoni. Mu 2009 England inapambananso Ashes pakhomo, koma oonera pa tsiku lotsiriza sanafike ndi 2 miliyoni yomwe. Ana ambiri anakula osaonapo ngwazi za dziko lawo zikusewera, pokhapokha bambo awo akhale a dishi. Chaka chomwecho komiti imene boma linakhazikitsa, yotsogozedwa ndi David Davies, inalangiza kuti Ashes ibwerere pa mndandanda wa otetezedwa. A bungwe la kiriketi anakana kwamtuwagalu, boma linasintha mu 2010, ndipo lipotilo linangofera m'kabati.

Tisawanamizire akuluakuluwo, mfundo yawo ili ndi mutu. Iwo amati ndalama ya dishi ndiyo imalipira osewera, kukonza mabwalo, kuphunzitsa ana ndi kutukula timu ya amayi. Ukaletsa mwini katundu kugulitsa kwa wogula wamkulu, mtengo umatsika. Inu nomwe a khonsolo atakuuzani kuti tomato wanu muzigulitsa kwa anthu awiri okha, mungavomere? Walira mvula walira matope: wofuna mpira waulere avomerenso kuti bungwe la masewero lipeza ndalama yochepa.

Koma taonani zimene zinachitika pa 14 July 2019. England inafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse cha kiriketi pa bwalo la Lord's ku London, kukumana ndi New Zealand. Lamulo silinkakakamiza Sky kugawana ndi wina, koma phokoso la anthu linakula moti analola Channel 4 kuonetsa nawo. Oonera anapitirira 8 miliyoni. Chidwi chinalipo nthawi yonseyi, chimene chinatsekedwa ndi chitseko. Chaka chotsatira ena mwa masewero a kiriketi anayambanso kuoneka pa BBC.

Nawo mpira wa amayi ndi umboni wina. Pa 31 July 2022 England inachinya Germany 2-1 pa Wembley mu ndime yotsiriza ya Euro ya amayi, ndipo anthu 17.4 miliyoni anaonera pa BBC. Masewero amene akufuna kukula amafunika maso a anthu poyamba, ndalama imatsata pambuyo.

Khoswe sasowa polowera

Lamulo lililonse a ndalama amalipezera mpata. Mu 2015 kampani ya ku America ya Discovery inagula ufulu wa Olympics wa maiko pafupifupi onse a ku Ulaya pa ndalama za euro 1.3 biliyoni. Chifukwa cha mndandanda uja, BBC sinachotsedwe, koma pofika pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 inkaloledwa kuonetsa masewero awiri okha pa nthawi imodzi, pomwe pa ya ku London mu 2012 inkaonetsa chilichonse. Lamulo linasungidwa, koma mbale inachepa.

Mpata wina ndi intaneti. Lamulo la 1996 linalembedwa anthu asanayambe kuonera mpira pa foni, ndipo makampani ngati Amazon anadzalowa mumsika pambuyo pake. N'chifukwa chake mu 2024 aphungu a ku Britain anakhazikitsa lamulo lina, Media Act, lofuna kuti chitetezo chija chifikenso pa zoonetsa za pa intaneti, ndiponso kuti mwayi wa masewero otetezedwa ukhale wa nyumba za kanema zotumikira anthu onse monga BBC, ITV ndi Channel 4.

Maiko ena ali ndi njira zawo. Australia ili ndi mndandanda wake kuyambira mu 1994, ndipo a ulere ndiwo amapatsidwa mwayi woyamba kugula. India inachita zoposa pamenepo mu 2007: kampani imene yagula masewero ofunika ku fuko iyenera kugawira chithunzi kanema wa boma wa Doordarshan, ndipo pa ndalama ya otsatsa malonda mwini ufulu amatenga 75, wa boma 25 pa 100 iliyonse. Aliyense amapita kwawo ndi kena kake.

Kwa anansi athu lamulo lilipo, ndalama palibe

Tibwere kufupi, ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa maganyu komanso kumene kumachokera DStv ndi SuperSport zimene timaonerazi. Kumeneko lamulo la 2005 la Electronic Communications Act limaletsa kanema wolipiritsa kugula ufulu mwa njira yotsekereza a ulere kuonetsa masewero a fuko. Bungwe la ICASA linatulutsa mndandanda mu 2010 n'kuukonzanso mu 2021. Muli World Cup, chikho cha Africa, Olympics, rugby, kiriketi, ngakhalenso chikho cha dziko lonse cha ntchemberembaye.

Pa pepala zili bwino. Koma mu 2007 ligi ya PSL inachoka ku SABC, kanema wa boma, kupita ku SuperSport pa mgwirizano wa zaka zisanu wa R1.6 biliyoni, ndipo SABC inasanduka wopikula kwa mnzake. Mu 2019 kunali chikho cha dziko lonse cha rugby ku Japan. SABC, imene inali itamira m'ngongole, inalephera kugula ufulu, moti anthu opanda dishi sanaone timu yawo ikudutsa ndime zonse. Pokhapokha Springboks itafika mu ndime yotsiriza m'pamene anagwirizana kuti SABC ionetse. Pa 2 November 2019 anachinya England 32-12 ndipo Siya Kolisi, kaputeni woyamba wachikuda wa timuyo, ananyamula chikho. Tangoganizani mphindi ngati imeneyo ikanaonedwa ndi a madishi okha.

Mu 2023 nyimbo inali yomweyo. Mgwirizano unapezeka mpikisano uli pafupi kuyamba, makampani ena atathandizapo ndalama, komabe anthu oonera SABC kudzera pa dikoda yaulere ya Openview anatsekeredwa, mpaka nkhani inakafika ku khoti. Phunziro lake n'losavuta: mndandanda umakutsegulira chitseko cha sitolo, koma ukalowa wopanda mpamba umatuluka chimanjamanja.

Nayo CAF, mwini wa mpira wa mu Africa, inatilawitsako kuwawa kwa kuika mazira onse kwa woodetsa mmodzi. Mu 2015 inasainirana ndi kampani ya ku France ya Lagardère mgwirizano wa $1 biliyoni, woti kampaniyo ndiyo izigulitsa ufulu wa masewero kuyambira 2017 mpaka 2028. Akuluakulu oona za mpikisano pa malonda ku Egypt anaukana, ndipo bungwe la COMESA loona za nkhani zomwezo, limene likulu lake lili mu Lilongwe mommuno, linaufufuza n'kupeza kuti ukupondereza ena. CAF inathetsa mgwirizanowo mu November 2019, ndipo kwa nthawi yaitali masewero ake anasowa ngakhale pa SuperSport pomwe. Mu January 2024 anthu anakhalanso mitima ili m'mwamba pamene SuperSport inalengeza kuti sionetsa chikho cha Africa cha ku Ivory Coast, chifukwa ufulu unali m'manja mwa New World TV ya ku Togo. Anadzagwirizana kutatsala masiku owerengeka. Apa ngakhale wolipira dishi mwezi ndi mwezi anazindikira kuti mpira si wake.

Nanga ife?

Kwathu kuno kanema wa dziko anachedwa kufika. TVM inayamba mu 1999, pomwe DStv inali itayamba kale mu 1995. Makolo athu Flames yoyamba kupita ku chikho cha Africa mu 1984 anaimvera pa wailesi, ndipo mpaka lero wailesi ndiyo imafikitsa mpira kumudzi kumene magetsi kulibe. Choncho tikamakamba za masewero otetezedwa, wailesi isasiyidwe m'mbuyo.

Mphindi za fuko tili nazo, ngakhale zimabwera patalipatali. Pa 11 January 2010 ku Luanda, Flames inaswa Algeria 3-0, timu imene inali pa ulendo wa ku World Cup chaka chomwecho. Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anaponya mzinga wochokera kutali umene unasiya goloboyi wa Morocco ali kakasi, ngakhale pamapeto tinagonja 2-1. Mu 2023 Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itachinya Zambia 2-1, ndipo chaka chomwecho Queens inali ku Cape Town pa chikho cha dziko lonse cha ntchemberembaye. Mu 2024 Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse.

Chigoli cha Mhango ine ndinaonera mu vidiyo sho ina ya malata ku Ndirande, titathinana ngati matumba a makala pa njinga. Chimene ndinaona tsiku limenelo ndimachionabe sabata iliyonse ndikamazungulira m'misika kusaka nkhani. M'katimo mumadzaza amuna okhaokha. Ana amene alibe ya pakhomo amasuzumira pa ming'alu mpaka wapakhomo awathamangitse. Amayi ogulitsa masamba panja pomwepo amangomva kukuwa, kenako n'kufunsa wodutsa kuti wachinya ndani. Mpira ukakhala wa dishi yokha umathera ku bala ndi ku vidiyo sho, malo amene mayi wodzilemekeza kapena mtsikana wa sitandade 7 sangakhaleko usiku. Ndiye Temwa wa mawa adzamuonera kuti Temwa wa lero?

Sindikunyoza a mavidiyo sho ayi. Nawonso ndi amalonda anzathu, amalipira dishi modula, amagula mafuta a jenereta, ndipo popanda iwo ambiri a ife Premier League tikanangoimva m'mabodza a anzathu. Lamulo ngati la ku Britain silingawaphere bizinesi, chifukwa ligi za sabata ndi sabata silizikhudza. Limangopatula masiku ochepa pa chaka, aja dziko lonse limapumira pamodzi.

Ndipo pa masiku amenewo tili ndi pakamwa poyankhulira, chifukwa tinalipira kale. Bwalo la Bingu ku Lilongwe, limene linatsekulidwa mu 2017, linamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndipo ngongole ya boma imabwezedwa ndi misonkho. Matimu a dziko akamakwera ndege, mbali ina ya ndalamayo imachokera ku thumba la boma lomwelo. Mayi amene amadula tikiti ya msika m'mawa uliwonse, n'kudulidwanso msonkho pa sopo ndi pa mayunitsi, ali ndi gawo lake mu jezi yofiira ija.

Kwa ine, zimene taona kwa anzathuzi zikutipatsa mafunso atatu oti tizifunsa aphungu athu, a MACRA, a FAM ndi a nyumba za kanema, osadikira kuti chikho chiyandikire. Loyamba: ndi masewero ati amene tagwirizana ngati dziko kuti awa ndi a tonse? Mndandanda wake ukhale waufupi, wodziwika kwa aliyense, ndipo Queens ndi Scorchers zikhalemo limodzi ndi Flames. Ukatalika kwambiri udzasaukitsa mabungwe a masewero amene ndi osauka kale. Lachiwiri: ndalama yogulira ufulu ichokera kuti, ndipo isungidwa liti? Za ku South Africa zatisonyeza kuti kupemphetsa kwa makampani kutatsala sabata imodzi ndi juga. Lachitatu: nanga oonera pa foni, amene akuchuluka tsiku ndi tsiku m'misika yathuyi, atetezedwa bwanji?

Denis Howell sanadikire kuti World Cup ipite kaye ku dishi ndiye ayambe kulira. Anaona ligi itapita, nathamangira kutseka khola ng'ombe zina zikadalimo. A kiriketi anatsegula okha, ndipo kuchokera 2006 panadutsa zaka 13 anthu opanda dishi asanaonenso timu yawo ikusewera ndime yotsiriza pompopompo. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Phungu wa dera lanu akadzabwera mumsika kudzagwirana nanu chanza, mukatha kumufunsa za zimbudzi ndi mtengo wa tikiti, mudzamufunsenso kuti Flames ikadzapitanso ku chikho cha Africa, ana anu adzaonera pati.